Msomali Sukwera

Kuseri kwa msika, pamene phula limathera n'kuyamba fumbi, pali mtengo wa mbawa. Pathunthu pake pali galasi. Si lopachika ayi. Mtengo unalimeza m'mphepete monse, khungwa linachita milomo mozungulira, moti mlendo amaima kaye n'kuyang'ananso, chifukwa zimaoneka ngati mtengowo uli ndi diso limodzi.

Pansi pa diso limenelo ndi pamene a Weramani anametera anthu zaka zambirimbiri.

Dzinalo silinali la makolo. Linatuluka pakamwa pawo pomwe. Aliyense wokhala pampando wawo, kaya mphunzitsi, kaya wapolisi, kaya m'busa, ankamva mawu amodzi omwewo: "Weramani." Ndipo ankawerama. Eni dzina ankati m'tauni monse munalibe munthu wina woweramiridwa ndi akuluakulu ngati iwo.

Anali munthu wamtali, woongoka ngati nsungwi, wa ndevu zapamlomo zimene ankazipesa asanapatse munthu moni. Katundu wawo sanali wambiri: mpando wotsamira, benchi la odikira, makina a m'manja, sizasi, lumo, chipeso choguluka mano, ndi kambale ka sopo. Achinyamata atatsegula nyumba zometera za magetsi ndi nyimbo zogonthetsa m'kutu, iwo sanatekeseke. Magetsi akazima anthu ankabwera okha pansi pa mbawa, chipewa kumutu, theka la mutu lometa, theka tchire.

"Vulani chipewacho, sitiseka," ankatero a Weramani. Benchi lonse linkaseka.

Kumanja kwa mtengo kunali shedi ya kalipentala, a Utuchi, munthu amene ngakhale atangometedwa kumene ankapezeka ndi utuchi m'makutu. Kumanzere kunali kanyumba ka mayi telala, ka zenera loyang'ana kumtengo. Anthu atatuwa anakalambira pamodzi osazindikira.

Kunyumba kunali nkhani imodzi yosatha. Akazi a a Weramani anali ndi dimba kunja kwa tauni, ndi kanyumba ka zipinda ziwiri kamene anawasiyira malemu mayi awo. M'mawa uliwonse ankayenda wapansi kupita kumeneko, masana n'kubwerera ndi dengu la ndiwo zamasamba pamutu. Ankafuna banja lisamukire kudimbako. A Weramani mawu akuti dimba ankawamva ngati akuti ndende. Kumeneko angawaweramire ndani? Kabichi?

Lonjezo linachitika tsiku lokhoma galasi, onse akadali ndi tsitsi lakuda. Wometedwa ali pampando ankagwira kagalasi ka m'manja, koma akadzuka ankafuna kudziona bwino, ndiye a Weramani anagula galasi lokhala m'chitsulo n'kuitana a Utuchi kuti alikhome pamtengo. A Weramani anaima chilili, chifuwa kunja, n'kulamula kuti likhale pa msinkhu wawo, kuti azionamo nkhope yawo kuyambira pamphumi mpaka pachibwano.

"Nanga afupiafupi?" anafunsa a Utuchi, misomali ili pakamwa.

"Aziima ndi zala zakumapazi. Si ine ndinawalenga."

Msomali wotsiriza ukulowa, akazi a a Weramani anatulukira n'kutula dengu.

"Ndiye mwachita kukhoma ndi misomali," anatero. "Zikuoneka kuti pano sitichokapo."

"Tidzachoka, amayi."

"Liti?"

Benchi linali lodzaza, ndipo mwamuna safuna kufunsidwa kuti liti pamaso pa anzake. A Weramani anamenya thunthu ndi chikhatho.

"Mukuuona mtengowu? Ukukula. Chaka ndi chaka galasili lizikwera nawo. Tsiku limene ndidzaime apa osaonamo maso anga, ndidzapinda nsalu, tidzapita kudimba kwanuko."

"Mwanena pa anthu, bambo."

"Ndanena pa anthu."

Mayiwo anasenza dengu n'kumapita. A Weramani anayang'ana m'mwamba. Mbawayo inali yanthete, nsonga zake zofiirira, zooneka kuti zili pa liwiro. Anadikira benchi litapepuka n'kupita kushedi.

"Akulu, kodi mbawa imakula msanga?"

A Utuchi anaseka mpaka kukhala pansi.

"Mwayamba kale kulira? Khalani apa. Msomali sukwera."

"Sukwera bwanji mtengo ukukwera?"

"Mtengo umatalikira kunsonga kokha, uko kuli masamba anthete. Thunthu silitalika, limangonenepa. Munasendapo khungwa laliwisi? Pansi pake pamakhala poterera, ponyowa. Ndiye pamene pali ntchito yonse. Dzinja lililonse kachikopa kameneko kamaveka mtengo malaya atsopano pamwamba pa akale. Savula, amangovalira pamwamba. Chimene mwakhoma apa chidzakhala pompano mpaka kalekale. Chizingomira."

Ndevu za a Weramani zija zinayamba kumwetulira.

"Ndiye kuti lonjezo langa lilibe tsiku?"

"Lilibe."

"Amayi asamve."

"Pakamwa panga pamakhala misomali," anatero a Utuchi. "Sindiyankhulayankhula."

Kuyambira pamenepo, mvula yoyamba ikangogwa, akazi a a Weramani ankapatukira kumtengo pochokera kudimba. Ankatula dengu, n'kupukuta thukuta ndi nsonga ya nsalu.

"Taimani pagalasi, bambo. Mukudziona?"

"Mpaka chibwano, amayi." Akatero ankayang'ana m'mwamba n'kupukusa mutu mwachisoni. "Mtengo waulesi uwu. Inenso ukundikhumudwitsa."

Mayiwo sankatsutsa. Ankasenza dengu lawo n'kunena kuti, "Kuona maso a nkhono n'kudekha." Kushedi macheka ankalira mokweza, kuti phwete lisamveke.

Zaka zinapita. Ana anakula, anakwatira, anabalalika. Mtengo unanenepa moti anthu awiri sakanagwirana manja pouzungulira. Misomali inamira, kenaka chitsulo cha m'mphepete chinayamba kumira nacho. Kachivindikiro ka lata kamene ankatsekera galasi madzulo kanasiya kutsekeka, anakachotsa, popeza wakuba akanafunika kusenza mtengo wonse. Pangodya ina galasi linang'aluka pang'ono chifukwa cha kufinyidwa. A Weramani anametabe: ana amene ankawagwira makutu akulira anabwera ndi ana awo, nawonso kudzalira pampando womwewo.

Chakudza sichiimba ng'oma. M'mawa wina anaima pagalasi n'kupeza chibwano mulibe. Sanadandaule, chibwano si chinthu chochisowa. Chaka china ndevu zapamlomo zinatsikira kunsi kwa khungwa, ndipo pozipesa anayamba kuima ndi zala zakumapazi, atayang'ana kaye uku ndi uku. Akazi awo akafunsa, ankakoka khosi ngati tambala wofuna kulira n'kuyankha kuti, "Mpaka mphuno, amayi. Wayamba kuyesetsa." Koma chilimwe china, mitambo itayamba kusonkhana madzulo, anaima bwinobwino mapazi onse pansi, n'kuona nsidze ziwiri za imvi ndi dazi likunyezimira. Maso munalibe.

Anasiya munthu pampando, nsalu ili m'khosi, n'kulunjika kushedi.

"Akulu, munandinamiza."

A Utuchi anali kupala thabwa. Sanadzutse mutu. "Zambiri ndinakunamizani. Iyi ndi iti?"

"Munati msomali sukwera. Wakwera."

Kalipentalayo anaika puleni pansi, anatuluka, n'kukaima patali pang'ono atatsinzina diso limodzi.

"Bwerani muime apa. Mukuliona zenera la mayi telala? Tsiku lokhoma ndinalinganiza m'munsi mwa galasi ndi m'munsi mwa zeneralo. Taonani lero. Kapena nyumbanso yakula?"

A Weramani anayang'ana. Galasi ndi zenera zinali pa mzere umodzi, ngati mapasa.

"Ndiye kuti nthaka yatsika. Zaka zonsezi ndikusesa tsitsi, tsache limatengako dothi."

"Latengako, inde. Kuchindikala kwa chala chimodzi. Zala zinazo mwatenga ndinu."

"Ine?"

"Munthu wouza anzake kuti weramani, iye ali chiweramire pamwamba pawo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Mumati msana sukumva? Mtengo womera mopendekeka umauma mopendekeka, mnzanga."

"Bodza! Thalauza ili ndi lomwe lija la ukwati wa mwana wanga woyamba. Ndikanafupika bwenzi likusesa pansi. Likusesa? Amayi telala, tayang'anani, likusesa?"

Mayi telala anasuzumira pazenera, anayang'ana thalauzalo, anatsokomola, kenaka anaponda makina awo mwamphamvu ngati akuthawa galu.

"Mwaona? Alibe mawu," anatero a Weramani.

Anabwerera kukamaliza munthu uja, koma maganizo sanali pamutupo. Anamudula khutu pang'ono n'kumuuza kuti wadzicheka yekha posuntha. Madzulo, benchi lili lokha, anapitanso kushedi, ulendo uno mawu ali pansi.

"Mvula igwa sabata ino kapena ya mawa. Amayi abwera. Tengani tchizulo chanu, mulizule galasili, mulitsitse pang'ono. Sazindikira."

"Ayi."

"Kusema pang'ono chabe m'mphepetemu. Chimtengo chonsechi chingamve kabala kotere? Mkatimu muli mnofu wochuluka."

"Ndiye pamene mumalakwira anthu ometa. Mumaganiza kuti moyo wa mtengo uli pakati. Tabweretsani kambale ka sopo kaja."

A Utuchi anafufuza pa mulu wa zidutswa n'kutola timitengo tiwiri totalika ngati chala, kena koyera, kena kofiira kwambiri. Koyerako anakaviika nsonga imodzi m'sopo, nsonga inayo anaika pakamwa n'kuuzira. Kunsonga ya sopo kunatuluka thovu, tinthu ting'onoting'ono tophulika.

"Mwaona? Mtengo ndi mtolo wa timapaipi, toonda kuposa tsitsi limene mumasesa. Koyeraka kachokera kunja, kufupi ndi khungwa. M'menemu ndi mmene madzi amakwerera kuchoka ku mizu kupita kumasamba. Chakudya chimene masamba apanga chimatsikira m'khungwa lamkati, muja timasendamo luzi. Moyo wonse uli m'mphepete, pamene mukuti ndisemepo. Ndikazungulira galasili ndi tchizulo ndidula njira zonse za mbali ino. Nthambi imene ili pamwamba pa mpando wanu idzayamba kuyoyola masamba, pabalapo padzalowa madzi ndi chiswe. Mudzakhala ndi galasi lotsika, anthu akupsa ndi dzuwa. Ndiponso lidzasweka ndisanafike pakati. Lafinyidwa kale."

A Weramani analoza kamtengo kofiira. "Nanga ako?"

"Yesani nokha."

Anakaviika m'sopo n'kuuzira. Masaya anafufuma, maso anatong'oka, mitsempha ya m'khosi inaima. Thovu silinatuluke.

"Umenewo ndi mtima, wa pakati penipeni," anatero a Utuchi. "Unali woyera nawonso pa nthawi yake, unatunga madzi zaka zake. Kenaka malaya atsopano atachuluka kunja, njira zake zinatsekeka ndi utomoni, unada, unalimba."

"Ndiye kuti ndi wakufa."

"Ndi wopuma pa ntchito. Sutunganso madzi, koma ndi umene umagwira mtengo mphepo ikamawomba. Chiswe chimadya choyerachi n'kuusiya iwo, sufumbwa wamba. Mpando wanu uja ndinapangira mtima wokhawokha, n'chifukwa chake wapirira matako a tauni yonse. Munthunso akafika pena pake..."

"Basi, basi. Ndakuonani kumene mukulowera. Ulaliki ndimaumva kwa abusa, ndipo iwo amandiweramira. Ngati simuzula galasi, ndikwezeni ineyo."

A Utuchi anapukusa mutu. Kenaka analowa mkati mwa shedi n'kugubuduza chidutswa cha chipika cha mlombwa, chozungulira ngati beseni, chochindikala ngati chikhatho. Pamwamba pake pankaoneka mizere yozungulira, wina mkati mwa unzake, pakati pakuda, m'mphepete moyera.

"Malaya aja ndi amenewa," anatero. "Otambalalawa ndi a zaka za mvula yambiri, opanikizanawa ndi a chilala. Mukaima pamenepa mwaima pa zaka zambiri kuposa zanu. Koma ine sindinakupatseni. Mwatola."

A Weramani anachiika patsinde pa mbawa, pansi pa galasi, n'kuchifunditsa chiguduli. Anakwerapo. Maso anabwerera, mphuno, ndevu, chibwano chomwe. Anapatsana moni ndi nkhope yawo ngati m'bale wochokera kutali.

Mvula inagwa patangopita masiku ochepa, ya mabingu, yonunkhiritsa fumbi. M'mawa mwake benchi linadzaza msanga, ena tsitsi lawo lisanakule n'komwe, chifukwa nkhani ya chiguduli inali itazungulira msika. Dzuwa litakwera, a Weramani anaona dengu likubwera poteropo. Anamaliza munthu amene anali pampando mwachangu, anakwera pachipika, n'kuyamba kupesa ndevu ngati munthu wopanda nkhawa.

Akazi awo anatula dengu. Anatenga nthawi kuti aweramuke.

"Ndakupezani mwaima kale, bambo. Mukudziona?"

"Mpaka chibwano, amayi."

"Chibwano chabwerera?"

"Mvula ikagwa nthaka imafufuma."

Wina pabenchi anatsamwa ndi malovu. Mayiwo anagwedeza mutu ngati amva zanzeru. Koma sanasenze dengu. Anamasula mpango kumutu, anaupinda bwinobwino, n'kukhala pampando wometera. Zaka zonsezo anali asanakhalepo. Tsitsi lawo ankadulana ndi anzawo kudimba.

"Mundichepetseko kumbuyoku. Likundiyabwa ndi thukuta."

Mpando unali poteropo, chipika chili patsinde. Dzanja la munthu silitalika ngati nthambi. A Weramani anayang'ana kushedi. A Utuchi anali kufunafuna chinthu pansi pa tebulo. Anayang'ana kuzenera, makina anali zii. Anatsika. Bondo linalira, chiguduli chinakodwa ku nsapato n'kutsetsereka, mlombwa unaonekera mbee, mizere yake yonse pamtunda.

Palibe anaseka. A Weramani anamanga nsalu m'khosi mwa akazi awo, anatenga sizasi ndi chipeso, ndipo pakamwa panayankhula pokha.

"Weramani."

Anawerama. Maso awo analunjika pachipika.

"Kodi mbawa yabereka mwana?"

"Ndi cha a Utuchi. Asungitsa."

Kushedi macheka anayamba kulira, ngakhale panalibe thabwa loti lichekedwe.

Sizasi inayamba ntchito. A Weramani anawerama monga mwa masiku onse, khutu lawo pafupi ndi mutu wa wometedwa, ndipo mayiwo anayankhula motsitsa, mawu osafika pabenchi.

"Bambo, chingwe changa choyanikira zovala kudimba chili pa msomali, pamtengo. Ndinakhoma mwana wathu woyamba akukwawa. Chikanakhala chokwera, bwenzi pano ndikuyanika ndi makwerero."

Sizasi inaima.

"Munadziwa liti?"

"Mvula yachitatu isanagwe."

"Osanena?"

"Ndinene chiyani? Munalonjeza pa anthu. Ndinati mtengo ukakana kukwera, mwini wake adzatsika. Anthu amatsika, bambo. Ndinawaona bambo anga."

"Koma thalauza..."

"Lapindidwa katatu. Funsani mayi telala. Ndinkabwera nalo m'dengu, pansi pa mpiru."

A Weramani anayang'ana kuzenera. Nsalu yotchinga inagwedezeka. Ndiye kuti mbali ino ya mtengo amuna awiri ankasunga chinsinsi chawo, mbali inayo akazi awiri akusunga chawo, mtengo uli pakati, ukungonenepa.

Anayambanso kudula, pang'onopang'ono. Kenaka ananong'ona chimene anali asanauzepo munthu.

"Kudimbako ndikakhala ndani, amayi? Pano ndikatsegula pakamwa anthu amamvera. Kumeneko ndizikauza kabichi kuti weramani?"

"Kuli mitu kumeneko. Alimi a madimba onse aja tsitsi lili ngati tchire, alibe nthawi yobwera kutauni. Mtengo uliponso, wa mthunzi. Sindinati mukataye sizasi." Anapuma kaye. "Koma ine msewu uja watalika, bambo. Chaka chino watalika kwambiri. Kaya nawonso umakulira kunsonga."

A Weramani anaimitsa sizasi. Anali kuyang'ana mutu umene unali pansi pa chipeso chawo. Mitu ya tauni yonse ankaidziwa: wa chipsera cha mwala, wa liwombo lolowa, wa njerewere kuseri kwa khutu. Uwu wokha, umene ankagona nawo pa mtsamiro umodzi, anali asanauonepo kuchokera pamwamba. Unali woyera ndi imvi. Pakati penipeni tsitsi linali litatha, panatsala bwalo losalala lozungulira, kukula kwake ngati nkhata. Dengu linali litameta pamenepo tsiku ndi tsiku, popanda lumo, popanda sopo. Khosi linali lowonda, mitsempha iwiri ili njo, ngati mizu imene mvula yakokolola dothi lake.

Anadula mosamala kuposa mmene anadulirapo mutu wa munthu wamkulu aliyense. Anasesa khosilo ndi kabulashi kofewa, anamasula nsalu, n'kupereka kagalasi ka m'manja.

"Mwakongola, amayi."

"Ndinali kale."

Kenaka anapita patsinde. Anakankhira chipika pambali ndi phazi, anaima pa nthaka, mapazi onse pansi, osakoka khosi. M'galasi munali nsidze ziwiri, dazi, ndi masamba a mbawa akugwedezeka kumbuyo. Anayang'ana nthawi yaitali. Anatembenukira kubenchi n'kukonza kukhosi.

"Anthuni, mwaona nokha. Mtengo wakula."

Pabenchi aliyense anayang'ana mnzake.

"Wakuladi," anatero akazi awo, akumanga mpango. "Unachedwa, koma wakula."

"Mbawa imatero," anatero a Utuchi ali kushedi. "Imakhala, imakhala, kenaka chaka chimodzi n'kungoti tholo."

"Ine ndimauona pazenera pano tsiku lililonse," anawonjeza mayi telala. "Dzana unali apa."

A Weramani anakutumula nsalu yometera, tsitsi la imvi linauluka, n'kuipinda pangodya ndi pangodya. Anakulungamo makina, sizasi, lumo ndi chipeso choguluka mano. Munthu amene anali wotsatira pamzere anadandaula kuti nanga iye amumeta ndani.

"Pitani kwa anyamata. Magetsi akazima, njira ya kumadimba mukuidziwa. Mubwere ndi chipewa."

Akazi awo atawerama kuti asenze dengu, iwo anagwira kale mbali ina. Anakanganirana pang'ono. Pomaliza analinyamula awiri, wina uku wina uku, likupendekera mbali ya mwamuna, amene anatsitsa dzanja mopitirira muyeso, chifukwa kusiyana kwa misinkhu yawo kunali kutachepa kuposa mmene iye ankaganizira.

Anasamuka mvula isanakhazikike. Mpando ndi benchi zinapita pa ngolo, ndipo chipika cha mlombwa chinakwera nawo, ngakhale a Utuchi anakuwa kuti chinali chongosungitsa. Kudimbako ndi chimene a Weramani amakhalira madzulo, miyendo ili m'mphepete moyera, thupi lili pamtima. Amameta Loweruka lokha, pansi pa mtengo wa chingwe choyanikira. Galasi latsopano analimangirira ndi chingwe, ndipo mfundo yake ndi yosavuta kumasula. Masiku ena onse amathirira mbewu, ndipo akazi awo amati amamveka akulankhula ndi kabichi, koma mawu ake sawamva bwino.

Galasi lakale lidakali pa mbawa. Chaka chilichonse milomo ya khungwa imasendera mkati, diso likunka lichepa, ndipo a Utuchi amati tsiku lina lidzatsinzina, wocheka matabwa wa m'tsogolo adzathyolerapo macheka ake n'kutukwana anthu amene sanawaonepo. Amayi opita kumsika amaima pamenepo kukonza mipango. Pansi pake pano pamakhala wokonza njinga.

Nthawi zina mkangano umabuka pakati pa odikira njinga zawo. Ena amati galasilo linali m'munsi kale, linakwera ndi mtengo, ndipo amatchula a Weramani ngati mboni. Ena amati zimenezo sizingatheke. Akalephera kugwirizana amapita kushedi kukafunsa mwini matabwa.

A Utuchi amadzutsa mutu, amaloza pakamwa pawo pamene pali misomali, n'kupitiriza kukhoma.